KUKONZEKERA ULENDO WOKAONA NYAMA KU MALAMBO

Anthu ambiri okhala m'matauni a dziko la Zambia anabadwira m'dziko la njobvu ndi mikango, koma nyamazi anaziona pa zithunzi-thunzi cabe. Alendo a kutsidya la nyanja ataya ndarama zambiri kudzaona zinthu zimene kalaliki wa mu Lusaka kapena mphunzitsi wa ku Migodi angathe kuzifikira ndi basi. Nkhani ya lero ndi yonena za munthu wotere, amene waganiza zotenga masiku ace a chuti ndi kutsikira ku cigwa ca Luangwa, kumene eni ace amati ku Malambo. Iye pomanga katundu aganizira za mkango ndi njati. Koma zimene zibvuta alendo kumeneko kawiri-kawiri ndi dzuwa, udzudzu ndi kashembe, ndipo kukonzekera kweni-kweni ndiko kukonzekera zitatu zimenezi.

Malo ochedwa South Luangwa anapatulidwa kukhala nkhalango yosungiramo nyama m'caka ca 1938, ndipo m'caka ca 1972 anakhala National Park. Kukula kwace ndi masikweya kilomita 9,050. M'caka ca 1950 Norman Carr, amene anali pa nchito yoyang'anira nyama, anapangana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti apatule mbali ya dziko lace ndi kumangapo msasa wa alendo, ndarama zolowa zipite kwa anthu a mfumuyo. Carr yemweyo ndiye anachukitsa maulendo oyenda pansi m'thengo. Lero mlendo apeza kumeneko njobvu, njati, mikango, anyalugwe, mimbulu, mvuu zosawerengeka, ndiponso mtundu wa nyamalikiti wochedwa Thornicroft, umene supezeka kwina kuli konse koma m'cigwa cimeneci. Cipembere cokha asaciyembekezere ai. Opha nyama mwakuba anacitha ku South Luangwa, ndipo zipembere zimene anabweretsanso kuyambira m'caka ca 2003 anaziika ku North Luangwa.

Coyamba cimene wa ulendo ayenera kusankha ndi mwezi. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yaikuru, pamene Mfuwe, khomo la nkhalangoyi, safika mamita 600. Cifukwa cace kutentha kwa ku cigwa sikufanana ndi kwa kumtunda. M'miyezi ya Juni ndi Julayi usana ndi wabwino, koma mamawa kuzizira kwambiri, maka-maka kwa munthu wokhala pa motoka yopanda denga imene inyamuka 6 koloko. Ambiri amva mbiri ya kutentha kwa ku Malambo nasiya majuzi kunyumba, ndipo tsiku loyamba anjenjemera mpaka dzuwa litakwera. Kuyambira Sepitembala madambo ang'ono auma, udzu ugwa, nyama zonse zisonkhana ku mtsinje, ndipo timbalame tofiira todya njuci tibwera mazana-mazana kudzakumba zisa m'magombe. Nyama zioneka bwino koposa pa nthawi imeneyi, koma mu Okutobala kutentha kupitirira madigiri 40, kotero kuti nkhalamba, ana ang'ono ndi odwala mtima acita bwino kusankha Julayi kapena Ogasiti.

Dzinja, kuyambira Novembala kufikira Epulo, liri ndi ubwino wace. Thengo libiriwira, nswala ziswa ana, mbalame zicuruka, ndipo mitengo ya malo ogona itsika. Koma walira mvula walira matope. Dothi la makande la ku cigwa likanyowa ligwira motoka ngati ulimbo, misasa ya mkati mwa thengo itsekedwa, ndipo otsala ndi malo ogona a pafupi ndi Mfuwe, kumene kuli miseu yothiridwa miyala.

Za njira sizibvuta. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata, kumene kale kunali kuchedwa Fort Jameson, ndi makilomita pafupi-fupi 570 pa mseu wa Great East Road, ndipo kucokera ku Chipata kutsikira ku Mfuwe ndi ena pafupi-fupi 130 pa mseu wa tara. Woyendetsa yekha motoka ayenera kulawira kuti mdima usam'peze m'mapiri a pafupi ndi ulalo wa Luangwa, kumene mseu ukhota-khota ndipo malole acuruka. Ndeke ya ku Mfuwe itenga ola limodzi ndi mphindi zowerengeka. Pa tindeke tating'ono topita ku misasa ya kutali salola masutikesi olimba, koma cikwama cofewa colemera ngati makilogramu 15. Pa cipata ca nkhalango nzika za dziko zilipira ndarama zocepa kuposa alendo akunja, koma ziyenera kuonetsa ciphaso cao ca Boma. Wociiwala kunyumba alibe com'citira umboni. Malo ogona afunika kuwapempheratu, maka-maka a miyezi ya Julayi kufikira Okutobala.

Tsopano za malungo, amene ndiwo nkhani yaikuru. Pali maganizo akuti mankhwala ochinjiriza malungo ndi a Azungu okha, ndi kuti mwana wa dziko lino thupi lace linazolowera. Maganizo amenewa ndi onyenga. Thupi lizolowera pang'ono ngati munthu alumidwa ndi udzudzu wa malungo caka ndi caka, monga acitira anthu a m'midzi ya ku cigwa; koma wokhala zaka zambiri m'kati mwa Lusaka, kumene malungo ndi ocepa, mphamvu imeneyo im'thera, ndipo ana ace obadwira m'tauni alibe ndi pang'ono pomwe. Cotero sabata ziwiri kapena zitatu ulendo usanafike, ayenera kukaonana ndi dotolo. Chloroquine, amene makolo anali kudalira, sagwiranso nchito pa malungo a kuno. Mankhwala amene madotolo apereka masiku ano ali ndi malamulo ace: a atovaquone-proguanil ayambidwa tsiku limodzi kapena awiri munthu asanalowe m'cigwa, namwedwa tsiku liri lonse kufikira atapita masiku 7 cibwerere, a doxycycline apitirizidwa sabata 4 cibwerere, ndipo sapatsidwa kwa mai wapakati kapena kwa mwana wosakwana zaka 8. Colakwa ca anthu ambiri ndi kuleka kumwa tsiku lofika kunyumba, pamene tizirombo tingakhale tikali m'thupi.

Mankhwala okha sakwanira. Udzudzu wa malungo uluma kuyambira madzulo kufikira mbandakuca, ndiyo nthawi yomwe alendo akhala pa motoka kufuna-funa nyalugwe ndi nyali, kapena akhala pa moto kusimba za tsikulo. Dzuwa likapendeka munthu abvale malaya a manja atali, buluku lalitali ndi masokosi, adzole mankhwala oingitsa udzudzu m'mapazi, m'manja ndi m'khosi, ndipo pogona aone kuti neti yace iribe ziboo.

Usana uli ndi mdani wace, ndiye kashembe, amene acuruka m'nkhalango za mitengo ya tsanya. Kashembe alondola cinthu coyenda, monga motoka, ndipo akopeka ndi mtundu wakuda ndi wa buluu. Ndico cifukwa cace misampha yace, imene munthu aiona itapacikidwa m'mitengo pafupi ndi misasa, aipanga ndi nsaru za mitundu iwiri imeneyi. Wobvala malaya a buluu kapena akuda wadzisandutsa msampha woyenda. Zobvala zoyenera ndi za khaki, zotuwa kapena zonga masamba ouma, za nsaru yocindikala pang'ono, pakuti kashembe aboola nsaru yopyapyala, ndipo mankhwala oingitsa udzudzu sam'opsya kweni-kweni. Zoyera mbuu zioneka patali ndi kuthawitsa nyama, ndipo za mawanga zonga za asilikari ndi zosiya kunyumba. Kuluma kwa kashembe kuwawa ngati singano yamoto, koma kawiri-kawiri kuthera pomwepo. Mwa apo ndi apo kupatsa nthenda ya kaodzera. Mtundu woopsya wa nthendayi, wochedwa rhodesiense, unadziwika koyamba m'caka ca 1910 m'magazi a munthu amene anaitenga m'cigwa comweci ca Luangwa.

Katundu wina ndi wocepa: cisoti ca mlomo waukuru, nsapato zotseka zimene phazi linazizolowera kale, botolo la madzi, toci, ndi magalasi oonera patali, amene aposa kamera pa kukondweretsa munthu. Amene amwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi atenge okwanira masiku onse ndi ena apadera, popeza zipatala zazikuru ziri kutali. Madzi afunika kumwa kawiri-kawiri osayembekeza ludzu. Mutu ukayamba kuwawa ndipo mkodzo ukacepa ndi kufiira, ndiye kuti dzuwa layamba kale nchito yace. Ngakhale kutenthe cotani, mtsinje ndi madambo si zosambamo kapena kusukusulamo, cifukwa ca ng'ona, mvuu ndi likodzo.

Misasa yambiri ya ku Luangwa iribe mpanda. Usiku mvuu zituruka m'madzi kudzadya msipu pakati pa nyumba zogonamo, ndipo njobvu ziyenda kumene zifuna. Pa Mfuwe Lodge pali banja la njobvu limene, zipatso za mtondo zikapsya ca mu Novembala, lidutsa m'cipinda colandirira alendo kupita ku mtengo umene uli kuseri kwace. Motero mdima ukagwa mlendo sayenda yekha, koma aitana mlonda kuti am'perekeze. Zipatso sizisungidwa m'hema, ndipo anyani ndi apusi sapatsidwa cakudya, pakuti nyani wozolowera kupatsidwa ayamba kulanda. Makolo obwera ndi ana ayenera kuganizira zimenezi asanasankhe malo ogona.

Pa ulendo woyenda pansi, umene ana osakwana zaka 12 saloledwa, anthu ayenda mu mzera umodzi. Patsogolo pakhala msilikari wa nyama wa Boma ndi mfuti, pambuyo pace wotsogolera alendo amene afotokoza mapazi, ndowe ndi mitengo. Kulankhula ndi konong'ona. Lamulo lobvuta koposa onse ndi lakuti nyama ikadzidzimuka munthu asathawe, cifukwa mkango uthamangira cothawa, ndipo palibe munthu angapambane njati pa liwiro. Acite cokha cimene wotsogolera anena: akati imani aime, akati bwererani pang'ono-pang'ono abwerere. Pa motoka napo, nyama ziona motoka ndi anthu ace ngati cinthu cimodzi cimene zinacizolowera. Woimirira mwadzidzidzi kapena woturutsa mkono ndiye aononga mtendere umenewo. Wodziyendetsa yekha aturuke m'nkhalango dzuwa lisanalowe, popeza maulendo a usiku aloledwa kwa otsogolera a ziphaso okha.

Pobwerera kwao wa ulendo akali ndi nchito imodzi. Malungo saonekera asanapite masiku 7 cilumidwire, ndipo nthawi zina abisala sabata zingapo. Kaodzera wa ku cigwa aonekera pakati pa sabata imodzi ndi zitatu, nthawi zina ndi cotupa cofiira cowawa pamene kashembe analuma, ndipo akacedwa kucizidwa apha m'miyezi yowerengeka. Zizindikiro zoyamba za nthenda ziwirizi zifanana: kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'mfundo. Wozimva asanene kuti ndi kutopa kwa ulendo kapena cimfine, koma apite ku cipatala tsiku lomwelo kukapimitsa magazi. Pofika kumeneko auze dotolo, asanafunsidwe n'komwe, kuti anali ku Malambo pa masiku akuti-akuti ndi kuti analumidwa ndi kashembe, pakuti dotolo wa m'tauni akapima malungo nawapeza palibe, sangaganize msanga za kaodzera ngati sanauzidwe kumene wodwalayo anacokera.