Mlendo wa Masiku Ano Afunsa Njira kwa Foni

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za alendo odzaona nyama, ndi za foni zimene agwira m'manja mwao.

Inu mudziwa kuti Mwanza ndi khomo la dziko lathu. Galimoto zochokera ku Johannesburg ndi ku Harare zidzera ku Tete, zifika pa Zobue, ndipo zilowa m'Malawi pa chipata chathu. Zina mwa izo zinyamula anthu opita ku Majete, nkhalango ya anansi athu a ku Chikwawa. Nyama za m'menemo zinatsala pang'ono kutheratu, koma m'chaka cha 2003 Boma linapangana ndi bungwe la African Parks kuti lisamale nkhalangoyo. Zipembere zinabwezedwamo chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Kuyambira pamenepo alendo achuluka.

Kale mlendo akasokera ankaima ndi kufunsa njira kwa munthu wolima m'mbali mwa msewu. Lero afunsa foni. M'foni yamakono muli timapulogalamu, timene achinyamata atitcha ma app, ndipo kalikonse kali ndi ntchito yake. Ndikuuzani mitundu inayi.

Mtundu woyamba ndi wa mapu, monga Google Maps. Mlendo asunga mapu a dera lonse m'foni asananyamuke kwao, kotero kuti imlondolera njira ngakhale kumalo kopanda netiweki. Pa mapuwo paoneka malo ogona, malo odyera ndi pogulira mafuta, ndipo anthu amene anafikapo alembapo ngati analandiridwa bwino kapena ai. Oyenda maulendo aatali pa galimoto zao ali ndi kena kotchedwa iOverlander, mmene auzana pomanga tenti, potunga madzi ndi popeza makaniko.

Wachiwiri ndi Google Translate, womasulira zilankhulo. Chichewa chinaikidwamo mu 2014. Mlendo alemba m'chilankhulo cha kwao, ndipo foni itembenuza mauwo m'Chichewa. Nthawi zina iphonya, tsono musamseke akanena zokhota, mumuyankhe mwaulemu.

Wachitatu ndi wa mbalame, dzina lake Merlin, wopangidwa pa sukulu yaikulu ya Cornell ku America. Mlendo akajambula mbalame, foni imuuza dzina lake. Komatu foni sidziwa mtengo umene mbalameyo igona, kapena nthawi imene itsikira kumadzi. Mnyamata wokulira kubusa, m'mbali mwa nkhalango ya Thambani, adziwa zimenezo, ndipo alipo alendo amene alipira munthu wowalondolera. Mbalame yophedwa ndi legeni ndi ndiwo ya tsiku limodzi, koma yamoyo ingabweretse ndalama chaka ndi chaka.

Wachinayi ndi wouzana kumene nyama zaoneka. Ku South Africa mnyamata wa zaka 15, Nadav Ossendryver, anayambitsa Latest Sightings mu 2011, kuti alendo a m'nkhalango ya Kruger azidziwitsana pamene pali mkango kapena kambuku. Koma za chipembere salengeza konse, chifukwa opha nyama mobisa nawonso ali ndi mafoni.

Nanga zimenezi zitikhudza bwanji ife? Tamverani. Manachesi athu akupsa m'miyezi yozizira, ndipo ndi nyengo yomweyo imene alendo ayamba kuyenda, mvula itatha. Koma mlendo wa lero sakonda kuima pamene foni yake sinatchulepo. Galimoto yake ipitirira pa mulu wa manachesi okoma, nikaima patsogolo pamene palembedwa. Chifukwa chake ndikupemphani zinthu izi.

Choyamba, ngati muli ndi malo okhazikika ogulitsirapo zipatso, uchi, mikeka kapena zosema, pemphani mwana wa sukulu wodziwa foni kuti awalembe pa mapu, pamodzi ndi chithunzi chake. Salipiritsa. Ngati alimi ali angapo, agwirizane pa malo amodzi ndi dzina limodzi, chifukwa malo ameneo sasowa katundu.

Chachiwiri, mtengo ukhale umodzi kwa aliyense. Mlendo wonyengedwa sakangana nanu. Angokwera galimoto, nalemba m'foni kuti pamalo pakuti anandibera, ndipo mauwo akhala pamenepo zaka zambiri, nawerengedwa ndi anthu a ku London ndi ku Cape Town amene sanafike n'komwe. Phindu la tsiku limodzi litayitsa mudzi wonse malonda.

Chachitatu, alendo ena sayenda ndi ndalama zambiri m'thumba, koma agula nambala ya foni ya kuno. Wogulitsa amene alandira ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba sabweza munthu wotere.

Chachinayi ndi chanu, inu mafumu. Foni iliyonse ijambula, ndipo chithunzi chifika kutali tsiku lomwelo. Mlendo auzidwe mwaulemu kuti ayambe wapempha asanajambule munthu, ndi kuti kumanda ndi kudambwe sajambulako. Letsaninso ana kuthamangira galimoto ndi kupempha ndalama. Malo ao ndi kusukulu, ndipo msewu waukulu wopita ku Blantyre ndi woopsa.

Chotsiriza ndi chachikulu. Foni zambiri zilemba mobisika pa chithunzi malo enieni pamene chinajambulidwa. Wina akaona njovu kapena chipembere, asatumize chithunzi chake kwa anthu osawadziwa. Munthu wachilendo akamafunsitsa kumene nyamazi zimwa madzi, kanenani kwa nyakwawa, ndipo nyakwawa adziwitse apolisi kapena oyang'anira nkhalango. Lamulo la nyama zakutchire limene linakonzedwa mu 2017 lilola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 m'ndende. Nyama zikatha, alendonso atha, ndipo manachesi tidya tokha.

Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. N'zoona ndithu. Koma mlendo wa lero, ngakhale achoka msanga, asiya mau m'foni amene atsogolera anzake obwera m'mbuyo. Tiyeni tisamale kuti mau olembedwa za midzi ya Mwanza akhale abwino.