Phuma Lisalowe M'nyumba Mwanu

Ana anga, za kukhitchini ndi za kuchipinda anakulangizani kale azimayi usiku wathawu. Ine ndatsala ndi nkhani imodzi, ya phuma.

Iwe mwana wa mlongo wanga, wakulira m'manja mwangamu. Mtima wako ndi wabwino, koma ndi wachangu: ukamva chinthu m'mawa umafuna chitheke dzuwa lisanafike paliwombo. Uli mbeta, kupupuluma kumeneko kunkapweteka iwe wekha. Kuyambira lero kudzaliza mwana wa eni akeyu.

Ndikudziwa pamene padzagone mayeso ako. Usipa ukadzavuta, kapena nyanja ikadzatsekedwa mu Novembala, anzako a ku Makanjira ndi ku Namwera adzakutumizira zithunzi pa WhatsApp ali ku Joni, atatchena. Joni sindikukuletsa ayi. Nyumba zambiri zamalata kuno ku Mangochi zamangidwa ndi ndalama zakumeneko, tonse tikuziona. Chimene ndikukana ndi ulendo woganiza usiku umodzi: kugulitsa ukonde ndi injini, kutenga katapila, pasipoti palibe, mkazi n'kudzamvera kwa anthu kuti amuna ake awoloka pa Mwanza. Mu 2015, alendo atayamba kumenyedwa ku Durban, boma linatumiza mabasi kukatenga anthu athu, ndipo ambiri mwa iwo anali a boma lino. Amene anasiya bwato ndi munda anapeza poyambira. Amene anagulitsa zonse anabwerera kudzakoka makoka a anzawo. Ukadzafuna kupita, khala pansi ndi mkazi wako, muwerengere limodzi, mapepala akhale olongosoka, ndipo pakhomo usiye chakudya chofika m'masika.

Mukapita pa boma, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija cha pamlatho, mukaone chikumbutso cha sitima ya Vipya. Inamira pa 30 Julaye 1946, anthu 145 n'kutsalira m'madzi. Inali yachitsulo, yatsopano, koma namondwe wa nyengo ya mwera sanaone zimenezo. Mkwiyo wa m'banja nawonso ndi mwera. Msodzi wodziwa nyanja ukawomba amakokera bwato kumtunda n'kudikira, ndipo palibe amamutcha wamantha. Mtima ukakwera usatchule mawu othetsa ukwati, ndipo dzanja lako lisadzakhudze mkazi ameneyu. Ukadzamumenya, woyamba kukukana ndidzakhala ine malume ako.

Inu mayi, takulandirani ndi manja awiri, koma nanunso mumve. Kudoko ndi kumjigo kumabadwa nkhani zambiri. Wina adzakunong'onezani kuti amuna anu anawaona ndi wogula nsomba ku Msaka; tsiku lina mudzaona nambala yachilendo m'foni mwawo. Musadzathamangire kuwatulutsira katundu panja poti mudzi ndi wanu. Afunseni atadya, ana atagona, ndipo muwalole amalize kuyankha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha sindikutanthauza kubisa nkhanza: akakuzunzani, nenani tsiku lomwelo.

Choncho ndikupempha chinthu chimodzi pamaso pa anthu onsewa. Nkhani ya ulendo, ya ngongole, ya kugulitsa katundu kapena ya kupatukana, musaigamule tsiku limene yabwera. Igone. Kukacha mukaonabe kuti yalemera, pitani nayo kwa ankhoswe. Ankhoswe, taimirirani akuoneni bwino. Anawa akadzagogoda, ngakhale pakati pa usiku, mudzawatsekulire.