Moto wa pa mbaula ungathe kutchaja foni

Ambiri a ife tinaimbirapo foni agogo kumudzi n'kupeza yazima, batire yatha, kotchajira n'kutali. Komatu agogo omwewo amasonkha moto tsiku lililonse, ndipo kutentha kochuluka kumangothawira m'mwamba. Kutentha kumeneko kungathe kusanduka magetsi.

Mu 1821, Thomas Seebeck wa ku Germany anapeza kuti mukalumikiza zitsulo ziwiri zosiyana, mbali imodzi n'kutentha ina n'kuzizira, pamabadwa mphamvu yamagetsi. Lero nzeruyi ili m'kachipangizo kopyapyala ngati bisiketi kotchedwa thermoelectric generator. Kalibe injini, kalibe chozungulira. Zombo za m'mlengalenga za Voyager, zomwe zinanyamuka mu 1977, zimapeza magetsi m'njira yomweyi.

Kwathu nako anayesa. Ofufuza a ku Trinity College Dublin anamangirira kachipangizoka pa Chitetezo mbaula m'boma la Balaka, mabanja n'kumatchaja mafoni ndi nyali uku akuphika nsima.

Tisanamizane, vuto lilipo. Pa magawo 100 a kutentha, pafupifupi 5 okha ndi amene amasanduka magetsi, ndipo mbali yozizira ija ikayamba kutentha, magetsi amachepa. Chikusowa ndi njira yotchipa yoziziritsira, yoti mmisiri wa pamsika athe kuikonza ikawonongeka.

Inu amene mukuphunzira zauinjiniya ku Leeds, ku Johannesburg kapena ku Texas, posankha ntchito yofufuza ya chaka chomaliza, tikupempha kuti mukumbukire mbaula ya agogo.