MANTHA A ABALE A YOSEFE

Ulaliki wa pa Genesis 50:15-21

Tiyeni tiwerenge zaka. Yosefe anagulitsidwa ali wa zaka 17. Anaima pamaso pa Farao ali wa zaka 30. Zinapita zaka 7 za dzinthu zambiri ndi 2 za njala, ndipo pamenepo anadziulula kwa abale ace, nawapsompsona, nawatonthoza. Yakobo anakhala m'Aigupto zaka 17, namwalira. Ndipo atabwerako ku maliro, amuna aja, a imvi tsopano, anatumiza mau kwa Yosefe akupempha cikhululukiro cimene anacilandira kale. Zinapita zaka 39 cicitikire coipaco, koma dzenje lija linali cikhalire m'mitima mwao.

Yosefe pakumva mauwo analira. Analiriranji? Ine ndiyesa analira poona kuti zaka zonsezo abale ace anadya cakudya cace m'dziko la Goseni, koma cikondi cace sanacilawe.

Kutsutsika mtima kwina kuli kwabwino: kumuuza munthu kuti wacita coipa, nanyamuka iye, nabweza mbuzi ya mwini, napepesa, nutha mlandu. Koma kulipo kwina kumene kumuuza kuti iye mwini ndiye conyansa pamaso pa Mulungu, ndipo kumeneko sikutha ndi kupepesa. Munthu wotere tulo timthawa. Aulula cimo lomwelo kawiri kawiri, osapeza mpumulo. Mwana wace akadwala malungo, ayesa kuti ndi cilango ca zimene anazicita pa unyamata wace. Tsiku la Mgonero akhala kunyumba, nati mutu uwawa. Martin Luther, amene analowa m'nyumba ya amonke ku Erfurt m'caka ca 1505, anadwala nthenda yomweyi: anali kuulula macimo ace nthawi yaitali ndithu, kufikira mkuru wace, Staupitz, anatopa naye, namuuza apenye mabala a Kristu. Madotolo a nthenda za maganizo aidziwanso. Ikakula, kumtengera munthu kucipatala sikucepa kwa cikhulupiriro ai.

Tsono inu aphunzitsi a m'midzi, ndinena ndi inu. Mwana wa zaka 7 akaba cimanga cokazinga, mumdzudzule, acibweze. Koma musamuimike pamaso pa anzace ndi kumuuza za moto wosazima. Inu mudzaiwala dzuwa lisanalowe. Iye adzakumbuka ali ndi zidzukulu, ndipo pogwada kupemphera adzaona nkhope yanu yaukali, nadzayesa kuti ndiyo nkhope ya Mulungu.

Ndi inunso akuru a mpingo: mlongo amene anadulidwa, nalapa, nabwezedwa, mumchulirenji ndi dzina la cimo lace lakale? Yosefe sanawerengenso mlandu tsiku lija. Analonjeza kudyetsa abale ace pamodzi ndi tiana tao. Sabata likudzali mupite kwa mlongoyo, mumtenge pa mpando wa kukhomo umene adzibisapo, mukhale naye kutsogolo.