Ana 131 a ku Gulupu: Zomwe Tingaphunzire kwa Pulofesa Molyneux

(Mawu omwe mlendo wathu analankhula pa msonkhano wa kalabu kuno ku Bvumbwe)

Ndiyambe ndi funso. Ndani pano sanaonepo mwana wodwala malungo atakomoka, mayi ake atamubereka, akuthamangira kumsewu kukakwera minibasi ya ku Limbe? Ndaona palibe wakweza mkono. Ndiye kuti nkhaniyi ndi yanu.

Mwana wotereyu akafika ku Gulupu, dokotala amaona zinthu zitatu. Kodi maso ake akutsata nkhope ya mayi ake? Akamutsina, akukankha dzanja lomutsinalo? Nanga akulira bwinobwino kapena akungobuula? Zonsezi zili ndi mamalikisi, kuyambira 0 mpaka 5. Mwana akapeza 2 kapena kutsika apo, ndiye kuti wakomoka kwambiri, mwina malungo afika ku ubongo. Njira imeneyi dzina lake ndi Blantyre Coma Score, ndipo madokotala akuigwiritsa ntchito m'maiko ambiri. Blantyre yake ndi yomweyi timakagulitsako kabichi ndi tomato.

Mmodzi mwa omwe anaikonza ndi Pulofesa Malcolm Molyneux, dokotala wa ku Britain. Anabwera kuno mu 1974, n'kuyamba ntchito pa chipatala cha St Luke's ku Malosa, kenaka ku Queen Elizabeth. Mu 1989, iye pamodzi ndi Terrie Taylor wa ku America, Jack Wirima, Mmalawi mnzathu, ndi mnzawo wina, anasindikiza zomwe anapeza ataunika ana 131 okomoka ndi malungo. Analibe makina odabwitsa ayi. Ankangoyang'ana mwana mosamala, n'kulemba, mawa n'kulembanso.

Mu 1995 anathandiza kukhazikitsa bungwe lofufuza la Malawi-Liverpool-Wellcome, lomwe mpaka lero lili pambali pa Gulupu ndipo laphunzitsa Amalawi ambiri ntchito ya kafukufuku.

Tsopano mvetserani apa. Mu 2004, gulu lawo linalengeza chinthu chowawa. Atapima matupi a ana omwe anamwalira, makolo atavomereza, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse omwe ankati afa ndi malungo a mu ubongo anafa ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo tinalimo m'magazi, koma chomupha chinali china. Anapezanso kuti kuunika mkati mwa diso kumathandiza kusiyanitsa ana awiriwa. Mwaona? Wofufuza weniweni saopa kunena kuti, "Apa timalakwitsa." Mu 2015, pogwiritsa ntchito makina a MRI ku Gulupu komweko, anaonetsa kuti ambiri mwa ana omwe malungowa amawapha amakhala atatupa ubongo.

Pulofesa Molyneux anamwalira mu November 2021. Analemba nawo mapepala a kafukufuku mazanamazana, ndipo asayansi amayeza kukula kwa munthu poona kuti anzake amutchula kangati m'zolemba zawo. Muyeso umenewo uli bwino, koma ine wanga ndi uwu: namwino yemwe sanamvepo dzina lake akupulumutsa mwana usiku pogwiritsa ntchito zomwe iye anapeza.

Pali chinanso choti tisachithawe. Mukukumbukira 2017, mphekesera za anamapopa zitagwira Mulanje, Phalombe ndi Thyolo yathu ino, anthu mpaka kuphedwa. Ambiri ankachita mantha akangoona wazaumoyo atanyamula botolo la magazi. Komatu makolo aja akanakana, zonse ndanenazi sitikanazidziwa. Muli ndi ufulu wofunsa kuti magaziwo akupita kuti, muli ndi ufulu wokana. Funsani, osati kutola miyala. Ndipo inu ophunzira ndi amene mungawafotokozere agogo kunyumba.

Kwa inu a Fomu 3 ndi 4, limbikirani Biology ndi Masamu. KUHeS ili ku Blantyre, MUST ili m'boma lathu lomwelino. Ndikupempha kalabu ino igule kope limodzi. Mwezi uliwonse muzilembamo makomo angati m'mudzi mwanu akugona m'masikito, ndi angati omwe masikito awo anatchingira dimba. Pakatha chaka mukawaonetse alangizi a zaumoyo. Kafukufuku amayamba choncho.