Chikuku Chili Ngati Nsapato: Yambani Mwayeza



Ine ndinadwala poliyo ndili ndi zaka 4. Ndakwawapo, ndayenderapo ndodo, ndipo lero ndafika pano pa njinga yopalasa ndi manja. Tsono zimene ndikambe pano ndinaziona ndekha.

Chaka china kwathu kunabwera bwana wina ndi zikuku zoti agawe. Anatijambula, tinaomba m'manja, iye n'kumapita. Chimene ndinalandira ine chinali cha m'chipatala, choyenda pa simenti. Timatayala take takutsogolo tinkatitimira mumchenga, dzinja litafika n'kumakanirira m'matope. Pasanathe miyezi 3 kamodzi kanathyoka, ndipo okonza njinga onse pamsika anangopukusa mitu. Choipitsitsa, mpando wake unalibe khushoni. Ndinatuluka chilonda pokhalira, ndipo ndinagona chafufumimba mwezi wathunthu. Abale anga, chilonda chotere chimapha.

Kodi alipo pano amene angamugulire mwana nsapato osayeza phazi? Nanga bwanji chikuku? Mu 2008 bungwe la WHO linatulutsa malangizo onena kuti chikuku choyenera ndi chimene chikugwirizana ndi thupi la mwini wake ndi malo amene amayendamo, cholimba, ndiponso chotheka kuchikonza komweko. Ndiye musanagule kapena kupereka, funsani zinthu zitatu.

Choyamba, munthuyo wayezedwa? Chikuku chachikulu chimapinda msana, chaching'ono chimakhula m'chiuno. Ndodo nazo zikatalika zimafinya m'khwapa mpaka dzanja kuchita dzanzi.

Chachiwiri, aziyenda nacho kuti? Pa msewu wa fumbi pamafunika tayala lakutsogolo lalikulu kapena lotambalala, lotalikirana ndi akumbuyo, kuti munthu asagwe chamutu akawomba mwala. Zikuku zotere zilipo: cha matayala atatu cha bungwe la Motivation la ku Britain, ndi RoughRider cha bungwe la Whirlwind, limene anayambitsa nawo a Ralf Hotchkiss ku San Francisco. Wopita kutali, monga kumsika kapena kusukulu, imamuthandiza kwambiri ndi njinga ngati yangayi, ngakhale kuti m'nyumba siilowa.

Chachitatu, chikafa akonza ndani? Ngati tayala, chubu ndi masipoko ndi za njinga wamba, wokonza njinga pansi pa mtengo achidzutsa tsiku lomwelo.

Inu amene munakhalako kunja, tikudziwa kuti mumatifunira zabwino mukamatitumizira zikuku zakale. Koma misewu ya ku London si ya ku Ndirande. Yambani mwafunsa akatswiri athu, monga a bungwe la MAP, amene akhala akugwira ntchito imeneyi kuyambira masiku a poliyo.

Kwa a boma ndinene izi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali. Mu 2024 kunabwera lamulo latsopano loteteza anthu aulumali. Koma lamulo lili papepala silikwirira ngalande yapululu m'tauni. Mu 1993 tinavotera ufulu wolankhula ndi wosonkhana. Nanga amene sangafike n'komwe pamsonkhanopo, ufulu wake uli kuti?

Sitikupempha chifundo ayi. Tikungoti mutifunse musanatipatse, pakuti mutu umodzi susenza denga.