Mlendo wa mbedza asanakwere boti, tigwirizane za virundu



Chandibweretsa ndi nkhani ya alendo amene amawedza nsomba ngati masewero. Eni malo ena ogona alendo ayamba kufunsa ngati angamawatengere pa boti kupita ku virundu, komwe inu mumaponya chilimira. Tisanawayankhe, tiyeni tione mmene ntchitoyi imayendera kwa anansi athu ku Mozambique.

M'chigawo cha Inhambane, pagombe la nyanja yamchere, pali tauni ya Vilankulo, ndipo patsogolo pake pali zilumba zisanu za Bazaruto, zomwe zinakhala malo otetezedwa mu 1971. Kumeneko mlendo amalipira boti la tsiku lonse, pamodzi ndi woyendetsa, mafuta, mbedza ndi nyambo. Woyendetsayo sangolowera kulikonse. Amalunjika pamatanthwe a pansi pa madzi, monga momwe a m'magombe ena amalunjikira pomwe panamira sitima. Chifukwa chake n'chimodzi: pathanthwe kapena pachitsulo chomira pamamera zakudya za tinsomba, tinsombato timabisala m'ming'alu, ndipo nsomba zikuluzikulu zimabwera kudzasaka. Apa ndikuuza eni ake. Inu munazidziwa ine ndisanabadwe.

Yotchuka kwambiri kumeneko ndi marlin, nsomba ya mlomo wautali ngati mkondo, imene imatha kuposa makilogalamu 400. Mlendo amalimbana nayo kwa maola, koma ambiri akaifikitsa m'mbali mwa boti amangoijambula n'kuimasula. Nsomba yomweyo ikhoza kudzalipiritsanso mlendo wina chaka chamawa. Komanso si thanthwe lililonse lololedwa: pa Two Mile Reef anthu amangosambira n'kuona nsomba, mbedza ayi. Kuyambira 2017 zilumbazi akuziyang'anira ndi a African Parks mogwirizana ndi boma la Mozambique, bungwe lomwe lija lili ku Liwonde chiyambire 2015.

Tibwerere kwathu. Paki ya Lake Malawi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo madzi a mamita 100 kuchokera m'mphepete mwake ndi otetezedwa chifukwa cha mbuna. Pamenepo palibe zokambirana. Nkhawa yanga ili pamiyala ya kunja kwa paki. Kampango amaswera pamiyala ndipo amalondera ana ake pachisa. Mbedza imodzi ikachotsa kholo, anawo amasanduka ndiwo za nsomba zina. Tisanamizidwenso ndi mawu oti "tidzaimasula". Nsomba yokokedwa mofulumira kuchokera pakuya imatupa m'mimba, ndipo nthawi zambiri siithanso kumira.

Ine pandekha sindikukana alendowa. Mlendo wofuna ncheni angalipire bwino kuposa mtengo wa ncheniyo padoko. Koma woyendetsa boti akhale mwana wa kuno, wodziwa nkhope ya mwera usanawombe, ndipo gawo la ndalama lizitsala m'thumba la komiti ya padoko, lolembedwa m'buku loti aliyense angaliwerenge. Tikazengereza, maboti ayamba okha, ndipo malamulo tidzawalemba pamene ukonde wa wina wadulidwa kale ndi injini.

Pempho langa ndi ili. Komiti iliyonse ya padoko ikhale pansi ndi asodzi akale, ilembe mayina a virundu vyake, isonyeze pomwe nsomba zimaswera ndi miyezi yake. Mndandandawo mubwere nawo ku msonkhano wotsatira wa komiti ya chitukuko ya m'dera. Khonsolo idzayankha eni malo ogona aja ikauona.